Kumva kwa a Phula

Anamwino atamasula lamba wopimira magazi pamkono wa a Phula, sanayang'ane mwini mkonowo. Anayang'ana mlongo wawo.

"Muwauze kuti kuthamanga kwa magazi sikunatsike. Mankhwala akumwa?"

"Akumwa. Ndimawapatsa ndekha m'mawa ndisanapite kumsika."

"Nanga tulo?"

Mlongoyo anatembenukira achimwene ake, anagoneka tsaya padzanja n'kukweza zikope. A Phula anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Tulo panalibe.

A Phula anabadwa osamva. Ankasoka nsapato pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika, ndipo dzinali linachokera ku kachidutswa ka phula kopakira ulusi kamene sikankachoka m'thumba la malaya awo. Mlongo wawo wamng'ono ankagulitsa tomato ndi anyezi. Anthu ankamutcha Pakamwa, chifukwa kuyambira ali mwana ndiye ankawalankhulira achimwene akewo kusitolo, kuchipatala ndi kulikonse. Chinenero chamanja cha kusukulu sanachiphunzire onse awiri. Anali ndi chawochawo chimene anachipanga akukula, ndipo munthu wachitatu amene anachidziwa bwino anali mkazi wa a Phula, amene anamwalira dzinja lathali. Chichokereni mayiyo, a Phula anasiya kugona, anayamba kukalipira makasitomala, ndipo magazi awo anayamba kuthamanga.

"Ndisakubisireni," anatero anamwino. "Zikapitirira chonchi, tsiku lina adzadzuka mbali imodzi itafa. Mwendo, dzanja."

Pakamwa anayang'ana manja a achimwene ake, zala zakuda ndi guluu, zikhadabo zong'ambika. Munthu wina dzanja likafa amatsala ndi pakamwa. Kwa a Phula, manja ndiwo anali khasu, ndiwonso anali lilime.

"Lachitatu lililonse kuseri kuno kumabwera mayi wina," anapitiriza anamwino. "Amaphunzitsa anthu kukhazika mtima pansi. Si mapemphero ayi. Mumangokhala phee, kupuma, n'kumaona zimene zikuchitika m'thupi ndi m'mutu popanda kulimbana nazo. Ena a bipi zikuwathandiza. Mankhwala asasiye, koma kayeseni."

Lachitatu litakwana anapita. Chipinda chophunziriramo chinali chimene kale ankasungiramo mabedi othyoka. Munali mabenchi, tebulo laling'ono ndi zenera limodzi lotsekedwa ndi katoni pamene panasweka galasi. Mphunzitsiyo anali mayi wamfupi wa imvi, magalasi ake atalendewera pachingwe. Anthu ankawatcha Mayi Pumani, chifukwa mawu amenewo ndiwo sankachoka pakamwa pawo. Patebulo anaikapo kabelu kakang'ono kachikasu.

Bambo wina wamtali amene anapuma pantchito yaulonda anasendera kuti alendowo akhale.

"Mwabwera kudzaphunzira kupuma?" anafunsa a Mlondawo. "Ine ndakhala ndikupuma chibadwire, koma amayiwa akuti ndimalakwitsa."

"Achimwenewa samva," anatero Pakamwa.

"Ndiye ali bwino. Sazimva zimene ndimamva ine kunyumba."

Mayi Pumani anawapatsa moni a Phula ndi manja awiri, n'kuuza Pakamwa kuti akhale moyang'anizana nawo kuti aziwauza zonse. Kenako anayamba ndi mawu otsika.

"Khalani mowongoka, koma osauma ngati mtengo. Mapazi agunde pansi. Tsopano mverani mpweya wanu. Umveni ukulowa, umveni ukutuluka."

Pakamwa analoza khutu, kenako analoza mphuno. A Phula anakwinya nkhope. Anayang'ana mphunzitsi, anayang'ana mlongo wawo, n'kugwira khutu lawo ndi kutambasula chikhatho kufunsa. Pakamwa anabwereza: khutu, mphuno. Achimwene ake anamuyang'anitsitsa kanthawi, kenako anagwetsa manja pamaondo.

"Tsekani maso," anatero Mayi Pumani. "Mutsegula mukamva belu."

Pakamwa anatsitsa zikope zake ndi zala. A Phula sanafune kumuchititsa manyazi pagulu. Anatseka.

Pasanapite nthawi, mutu wa anamwino unasuzumira pakhomo. Ananong'ona kuti zenera la mankhwala latsala pang'ono kutsekedwa, ndipo mankhwala a bipi amene anali atatha afika. Pakamwa anaona achimwene ake ali phee, anaganiza kuti abwerera belu lisanalire, n'kutuluka monyang'ama. Kuzenerako anapeza mzere wafika pamtengo wa panja.

Belu linalira. Anthu anatsegula maso, anadziwongola, anayamba kucheza. Mayi wina wogulitsa makala anayamba kulira chamumtima, ndipo Mayi Pumani anamugwira dzanja n'kutuluka naye pakhonde. A Phula anakhalabe, msana uli chiwongokere, maso ali chitsekere.

"Watsopanoyu watiposa tonse," anatero a Mlonda akuvala chipewa. "Musamudzutse, wafika kutali."

Chipinda chinatsala ndi munthu mmodzi. Anabwera mayi wosesa, anasesa mbali zonse, anafika pabenchi la a Phula.

"Bambo, tasunthani pang'ono."

Anabwereza mokweza. Kenako anawagunda pamsana ndi mpini wa tsache.

A Phula analumpha ngati aponda moto. Mkono wawo unakankha tebulo, kabelu kanagwa n'kugubuduzika mpaka pakhomo. Anthu amene anali pakhonde anacheuka n'kuseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza, koma a Phula anangoona mano. Anaona mabenchi opanda anthu, dzuwa litasuntha pakhoma, ndi mlongo wawo akulowa ndi kapepala ka mankhwala m'manja. Anamudutsa osamuyang'ana.

Anadzalankhula naye atafika kunyumba. Manja awo ankathamanga moti Pakamwa ankavutika kuwatsatira.

"Iwe ukatseka maso umatsala ndi makutu. Ine ndikatseka maso ndatsala ndi chiyani? Unandiika m'dzenje n'kuchoka."

"Pepani, achimwene. Ndinapita kukatenga mankhwala anu."

"Ndipo mayi uja akuti ndimve mpweya ndi khutu. Ine amene lole imadutsa kumbuyo kwanga osaidziwa. Amaseka ine?"

"Sakuseka. Amauza aliyense choncho."

"Ndiye mankhwala ake ndi a anthu a makutu. Usadzanditengerenso kumeneko."

Lachitatu lotsatira Pakamwa sanayese n'komwe kuwakumbutsa. Benchi lake la tomato linali tsidya lina la msewu, ndipo ankawaona achimwene ake tsiku lonse. Ankawaona akugwetsa singano n'kuitola, kenako kuigwetsanso. Ankawaona akutikita dzanja lamanja pantchafu ngati lachita dzanzi. Tsiku lina a Phula anaponyera mnyamata wa njinga nsapato yake m'ngalande chifukwa chobwera kawiri kudzafunsa ngati yatha. Pakamwa anapita kukaitola, anaipukuta ndi nsalu yake n'kupepesa.

Masana ena, dzuwa litapendeka, anaona mayi wamfupi wa magalasi apachingwe ataima pakhonde la golosale ndi jumbo m'manja. Anasiyira tomato mnzake woyandikana naye n'kuwoloka.

"Ndafunsa anamwino kumene amasokera," anatero Mayi Pumani. "Ndabwera ndi nsapato yoduka lamba. Ndabweranso ndi manyazi."

A Phula anawazindikira. Analandira nsapatoyo osakweza maso, anaitembenuza, anakanda pansi pake ndi chikhadabo. Mayi Pumani anakhala pakabokosi kamatabwa kamene makasitomala amakhalira podikira. Anadikira mpaka a Phula atawayang'ana, n'kuika dzanja pachifuwa ndi kuweramitsa mutu.

"Muwauze kuti cholakwa ndi changa. Ndinawauza kuti adikire belu, osaganiza kuti belulo lidzawafika bwanji. Ndinawalandira ndi manja awiri, koma phunziro lonse ndinalikonzera anthu ena."

Pakamwa anawauza. A Phula anatulutsa phula m'thumba, anakoka ulusi pamwamba pake kangapo, kenako anaika zonse pansi kuti manja amasuke.

"Akufunsa kuti mpweyawo inu mumaumva ukulira bwanji," anatero Pakamwa. "Akuti ngati ndi nkhani ya khutu, musataye nawo nthawi."

"Khutu?" Mayi Pumani anavala magalasi. "Ndani ananena za khutu?"

"Si munati mverani mpweya wanu?"

"Ndinatero."

"Ndiye ine ndinawalozera khutu."

Mayi Pumani anagwira pakamwa. Kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ine ndimanena kumva kumene timamva njala. Kumva kuzizira. Kumva kuwawa ukaponda minga. Khutu lilibe ntchito pamenepo."

Pakamwa anakhala pansi pasitepe ya golosale. M'chinenero chawo cha kunyumba, njala inali kugwira mimba, kuzizira kunali kukumbatira mapewa, kuwawa kunali kuluma mano. Chilichonse chinali ndi chizindikiro chake. Anali asanaganizepo kuti pakamwa zonsezi ndi mawu amodzi.

"Mawu amenewo," anatero, "chibadwire ine ndimawamva akunena za khutu la achimwene. Samva, samva, samva. Munthu akangoti kumva pamaso pawo, dzanja langa limathamangira kukhutu lokha."

"Afotokozereni."

Zinatenga nthawi. Pakamwa anagwira mimba, anakumbatira mapewa, analuma mano, anagwira khutu, kenako anasonkhanitsa zala zonse pamodzi n'kuziika pamilomo: anthu a pakamwa zonsezi amazitchula ndi mawu amodzi. A Phula anamuyang'ana mokayika. Anafunsa ngati akunena zoona. Kenako anatulutsa kaphokoso kawo ka kuseka, kamene Pakamwa anali asanakamve chichokereni alamu ake.

"Akuti anthu a pakamwa ndinu amphawi. Mawu amodzi ntchito zonsezo."

"Auzeni kuti akunena zoona," anatero Mayi Pumani akuseka.

Anakoka kabokosi kuyandikira. Anaika chikhatho pamimba pawo, anapuma mozama kuti dzanja lioneke likukwera, kenako likutsika. Analoza a Phula. Iwo anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene akuwaona, n'kuika dzanja lawo lakuda ndi guluu pamalaya. Linakwera. Linatsika. Anakweza zikope kufunsa ngati n'zomwezo basi.

"N'zomwezo. Maganizo akathawira kwina, muwabweze padzanjapo. Akathawanso, muwabwezenso. Osawakalipira."

Pakamwa anamasulira. A Phula anafunsa ngati maganizo a munthu amene anamwalira nawonso amabwezedwa.

Mayi Pumani anayankha ndi mawu otsika.

"Amenewo musawathamangitse. Akabwera muwaone kuti abwera, akhale pambali panu. Inu dzanja likhale pamimba."

A Phula anayang'ana msewu nthawi yaitali. Kenako anagwira mimba ndi dzanja lamanzere, ndipo ndi lamanja anakoka ulusi wosaoneka kuchokera pamphuno, pang'onopang'ono, n'kuubwezera. Anabwereza kuti mlongo wawo aone bwino.

"Apanga mawu atsopano," anatero Pakamwa. "Akuti kumva kwanu kuja tizikutchula chonchi."

Mayi Pumani anayesa. Anasokoneza manja, a Phula anawakonza.

"Za maso, asatseke," anatero mayiwo. "Ayang'ane pansi pamalo amodzi, basi. Chimene chikundivuta ndi belu. Ndaganiza zokweza dzanja, koma munthu woyang'ana pansi aliona bwanji?"

A Phula anali atabwerera kuntchito. Anaveka nsapato ya Mayi Pumani paphazi lachitsulo limene amakhomerapo, anatenga nyundo n'kumenya kamsomali kamene kanatuluka kuchidendene. Phazi lachitsulolo linali pathabwa limodzi ndi kabokosi. Mayi Pumani anadzidzimuka.

"Tawauzani amenyenso."

Anamenyanso.

"Ndamva," anatero mayiwo. "Pepani pakamwa panga, koma ndamvera m'matako."

Pakamwa anaseka mpaka misozi. Achimwene ake atafunsa, anawauza osabisa, ndipo nawonso anagwira pamimba, ulendo uno chifukwa cha kuseka.

"Tikalumikiza mabenchi, ine n'kumenya thabwa m'malo mwa belu, aliyense adziwa nthawi imodzi. Afunseni ngati angabwere."

Nkhope ya a Phula inabwerera mwakale. Anakumbukira mano aja pakhonde. Anatenga nsapato n'kuiika pamulu wa zodikira.

"Akuti nsapato yanu itha Lachitatu."

"Ndidzaitenge kuno?"

A Phula anakweza mapewa n'kutola singano.

M'masiku otsatirawo Pakamwa sanafunse kanthu. Koma ali kutsidya kwa msewu, nthawi zina ankaona achimwene ake ataika nsapato pansi, dzanja lili pamimba, maso ali pachala cha kuphazi. Akazindikira kuti akuwaona, ankayamba kufunafuna kanthu m'thumba.

Lachitatu m'mawa Pakamwa anawapatsa mankhwala n'kunyamula dengu lake la tomato. Ali pakhomo, anamva kugogoda patebulo. Anacheuka. A Phula anali atavala malaya otsuka, jumbo ili m'manja, mpini wa nyundo ukusuzumira kunja.

"Nsapato ya eni ake," anatero ndi manja. "Ndikungokapereka."

"Nanga nyundoyo?"

"Usandifunse zambiri."

M'chipinda muja mabenchi anali atawazunguliza, mutu wa lina utagunda mutu wa linzake, kuti aliyense aziona nkhope ya mnzake. Kabelu panalibe. Mayi wosesa anali pakhomo ndi tsache lake. Ataona a Phula anayedzamiritsa tsachelo kukhoma, anaika dzanja pachifuwa. A Phula anamuyang'ana, anayang'ana tsache, n'kudziphimba msana ndi jumbo ngati akuopa. Mayiyo anaseka mwamanyazi, iwo n'kumupatsa dzanja.

Mayi Pumani analandira nsapato yawo, anakoka lamba mwamphamvu kuti aone ngati wagwira, n'kuivala pomwepo. A Phula anawapatsa nyundo.

"Lero tisintha pang'ono," anauza gulu, atatembenukira kumene a Phula angaone nkhope yawo. "Belu lapuma. Nthawi ikakwana ndimenya benchi, mudzamva ndi thupi. Ndipo wosafuna kutseka maso asatseke. Ayang'ane pansi."

"Zikomo kwambiri," anatero a Mlonda. "Ine ntchito yanga yonse, kutseka maso kunali kuchotsedwa ntchito. Ndikatseka muno ndimangoona abwana akubwera ndi tochi."

Anthu anaseka. Mayi wogulitsa makala uja sanaseke.

"Inenso sindimafuna," anatero motsitsa. "Chindithyolereni akuba m'nyumba, ndikatseka maso pali anthu mtima umathamanga. Ndimangotseka poopa kuti muziti ndine wosamva."

Atatero anazindikira mawu amene wanena, anayang'ana a Phula n'kugwira pakamwa.

"Osadandaula," anatero Pakamwa. "Mawu amenewo ativutitsa kale."

"Bwanji simunanene, mayi?" anafunsa Mayi Pumani.

"Simunafunse."

Mayi Pumani anavomera ndi mutu. Anakhala pabenchi, nyundo ili pambali pawo.

"Khalani mowongoka. Mapazi agunde pansi. Dzanja pamimba, amene akufuna. Tsopano mverani mpweya wanu."

Polankhula anagwira mimba ndi dzanja lamanzere, ndipo ndi lamanja anakoka ulusi wosaoneka kuchokera pamphuno. Pakamwa anali atakweza kale manja kuti amasulire, koma anapeza achimwene ake sakuyang'ana iye. Ankayang'ana mphunzitsi. Anatsitsa manja ake.

M'chipinda munakhala bata. Panja mwana ankalira pamzere wa sikelo, wina ankakoka ndowa pasimenti. Pakamwa anayesa kutsatira mpweya wake, koma maso ake ankabwerera kwa achimwene ake. Anali atayang'ana pamng'alu wa simenti pakati pa mapazi awo. Dzanja lamanzere linkakwera ndi kutsika. Lamanja linali pabondo, zala zikugundagunda. Misozi inatsika tsaya limodzi, ndipo sanaipukute. Patapita nthawi zala zija zinaleka kugunda. Dzanja linatsetsereka kuchoka pabondo, chikhatho chinagona pathabwa la benchi.

Kenako a Phula anatseka maso.

Pakamwa anafuna kuwagwira phewa kuti adziwe kuti iye alipo, sanachoke. Anatambasula dzanja, koma analibweza lisanafike. Anayang'ana chikhatho chija chili chigonere pathabwa, osanjenjemera.

Mayi Pumani ananyamula nyundo n'kumenya benchi. Kugundako kunayenda m'matabwa kuzungulira chipinda chonse. Maso a a Phula anatseguka limodzi ndi a Mlonda, amene anali atatseka osadziwa.

A Phula anapukuta tsaya ndi mkono wa malaya. Anayang'ana anthu onse ali m'malo awo, palibe amene wachoka. Anagunda thabwa ndi chikhatho, n'kugwira pachifuwa.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Mlonda.

"Akuti amva," anatero Pakamwa.

Manja a a Phula sanalekere pomwepo. Analoza Mayi Pumani, analoza nyundo, n'kupukusa mutu.

"Akutinso amayi mumagwira nyundo pakhosi ngati mukuopa kuti ikulumani. Muzigwira kumapeto kwa mpini."

"Ndiye adzandionetse sabata yamawa."

Pakamwa anamasulira. A Phula anaimirira, anakonza malaya, anapatsa moni a Mlonda ndi mayi wa makala. Pakhomo mlongo wawo anawakumbutsa kuti aiwala nyundo pabenchi. Anacheuka, anaiyang'ana, n'kumuuza kuti aisiye pomwepo, kunyumba kuli ina.